Mzere Wachisanu Sunayankhe

Dar es Salaam, 9 Ogasiti 2014

Achimwene Pirmin,

Moni kwa inu, alamu ndi ana onse. Ine ndili bwino, kungoti chifikire katoni ya nyimbo za bambo mtima wanga suli m'malo. Inafika Lachiwiri ikununkha utsi ndi khofi. Kondakitala wa basi anandipatsa akuseka, akuti sanaonepo katundu wopita ku Dar womangidwa ndi chingwe cha mbuzi. Mwandichititsa manyazi, achimwene.

Nyimbo zonse ndi makumi anayi ndi zitatu, zina mbewa zinalawako. Abwana anga kuno kosindikiza mabuku avomera kuti ndizizilemba pa nthawi ya nkhomaliro ndi Loweruka. Koma akuti makina adzakhala opanda ntchito pa 7 Novembala pokha, kupitirira apo ndi makalendala mpaka Khirisimasi. Tikaphonya tsikulo, kwaya idzakondwerera zaka zake makumi asanu pa 22 Novembala popanda buku, ndipo bambo sadzaligwira m'manja maso awo akadaonako. Ndikaganiza zimenezi ngakhale tiyi sindimumaliza.

Muwauze asaope kuti ndijambula manoti okhota. Sindijambula ayi. Pulogalamu imene timagwiritsa ntchito imafuna kuti nyimbo uilembe ndi zilembo ngati kalata. Manoti a mawu oyamba umawalemba paokha n'kuwasunga pa dzina lawo, achiwiri chimodzimodzi, mpaka achinayi. Kenako pali kachidutswa kamene ndalemba ndekha, kamene kamayenda nyimbo ndi nyimbo kakuitana mayinawo ngati mphunzitsi m'kalasi. Dzina likaitanidwa, zimene ndinasunga pa dzinalo zimabwera n'kukhala pa mzere wake patsamba. Ndikudziwa kuti mwasiya kale kuwerenga, mukuyang'ana ngati pansipa pali moni wa alamu.

Nyimbo khumi ndi imodzi zili ndi mzere wachisanu pamwamba, woimba munthu mmodzi, umene bambo anaulemba dzina la mayi aja. Nawonso ndiuika, musayambe kundiuza zambiri.

Mundiuze za maso a bambo. Khofi wabereka bwanji chaka chino?

Mlongo wanu,
Edigna

Maguu, 30 Ogasiti 2014

Mlongo wanga Edigna,

Tonse tili bwino, tikukupatsa moni. Chingwe chija ubweze, mbuzi ikuchifuna.

Khofi wabereka mpaka nthambi kuthyoka, manja athu ada bii. Bambo diso lakumanzere latheratu, lakumanja likuona zilembo zikuluzikulu zokha. Kwaya anaisiya m'manja mwa aphunzitsi a Hyera, koma Lachinayi lililonse amakhalabe kutsogolo ndi ndodo yawo, akumenya nayo pansi wina akaphonya. A Hyera akupirira.

Kalata yako ndinawawerengera. Zoitana mayina zija anazikonda, akuti ndiye kuti kompyuta yako ndi Mkatolika wabwino, imadziwa kuti aliyense ali ndi malo ake. Koma nditafika pa mawu ako akuti mayi aja ndinatsokomola n'kudumpha. Edigna, papita zaka makumi awiri chilowere mayi Osmunda m'nyumba muno. Ndi iwo amene amawatsogolera bambo kutchalitchi, ndi iwo amawathira mankhwala m'maso. Iwe uli ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, si mwana wa Fomu Wanu uja amene anabwera ku tchuthi n'kupeza mayi wina pakhomo. Ndanena, ndatha.

Bambo akufunsa tsiku lililonse kuti masamba oyeserera afika liti. Akufuna kwaya iyambe kuimba za m'buku, kuti zolakwika zigwidwe ndi makutu. Za pafoni usavutike nazo. Netiweki ikupezeka pa chulu cha kusukulu pokha, ndipo bambo akuti nkhani ya nyimbo siikambidwa munthu utaima pa chulu.

Mlongo wako,
Pirmin

Dar es Salaam, 15 Seputembala 2014

Achimwene,

Moni nonse. Nawa masamba onse, nyimbo makumi anayi ndi zitatu, ndawapereka kwa kondakitala yemwe uja. Ndawayang'ana kawiri, ali bwinobwino. Kompyuta sinadandaule paliponse, ndipo imeneyi ukaiwala kadontho kamodzi imakuwa ngati walakwira boma.

Za ulaliki wanu uja ndamva. Ine ndagwira ntchito yanga, sindinasiye kanthu ka munthu aliyense. Zolakwika muzilembe ndi cholembera chofiira, mubweze msanga.

Edigna

Dar es Salaam, 6 Okutobala 2014

Achimwene Pirmin,

Moni, ngati mukadalipo. Masabata atatu tsopano. Kondakitala walumbira kuti envelopu anaisiya pa ofesi ya basi ku Mbinga. Foni yanu ikulira, simukuyankha. Ya alamu ndi yotseka. Dzulo ndinakwera daladala, minibasi ya kuno, yolakwika mpaka kukatsikira ku Mbagala chifukwa cholingalira za inu.

Kodi bambo adwala? Ngati adwala mundiuze, musandibisire ngati mmene munandibisira za amayi mpaka ndinapeza maliro atatha. Abwana akundifunsa ngati bukuli lilipo kapena apereke tsiku lathu kwa anthu a makalendala. Ndiwayankhe chiyani?

Edigna

Maguu, 12 Okutobala 2014

Edigna,

Ndikulemba ndekha, ndiye zilembo ndi zazikulu. Moni.

Ndinakupatsa nyimbo zanga kuti uzilembe, osati uziweruze. Wachotsa mzere wa mkazi wanga m'nyimbo khumi ndi imodzi. Ukanachotsa m'nyimbo imodzi ndikanati ndi ngozi. Wandichititsa manyazi pamaso pa kwaya yanga, ndipo wamuchititsa manyazi munthu amene sanakulakwire.

Buku sindikulifunanso. Bweza katoni yanga mmene inalili. Pa 22 Novembala usavutike ndi ulendo.

Bambo ako,
Meinrad Ndunguru

Maguu, 13 Okutobala 2014

Mlongo wanga,

Kalata ya bambo ili m'envelopu yomweyi, uyambe kuwerenga imeneyo. Sakudwala. Foni yako ndinkaiona, koma ndikanakuuza chiyani nditaima pa chulu, ana asukulu akundimvera?

Envelopu yako inakhala ku Mbinga masabata awiri chifukwa tinali pa ntchito yoanika khofi. Nditaibweretsa, bambo anagona nayo kumutu. Lachinayi anaipereka kwa a Hyera pamaso pa onse, atavala jekete lawo la pa Pasaka. Masamba ako ndi okongola, zimenezo sindikana. Azimayi ankawagwira m'mphepete kuopa kuwadetsa.

Anayamba ndi nyimbo ija ya Ndilandireni Pakhomo. Atafika pamene mawu achisanu amalowera, mayi Osmunda analowa monga mwa masiku onse. A Hyera anakweza dzanja n'kuimitsa kwaya. Sanachite mwachipongwe, iwo amatsata pepala basi. Anati, "Pepani amayi, m'buku latsopanoli gawo lanulo mulibe."

Bambo anamenya ndodo pansi, akuti a Hyera sadziwa kuwerenga. Anawauza awerenge mizere mokweza. Inayi. Anatchula nyimbo ina, inayi. Anatchula zonse khumi ndi imodzi pamtima, a Hyera akutsegula masamba, tchalitchi chili zii. Wina kumbuyo kwa mabesi ananong'ona dzina lako, ndipo onse anamva.

Mayi Osmunda anadikira kuti mapemphero athe, anawagwira bambo dzanja n'kupita nawo kunyumba. Kuyambira tsikulo amawaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi, mayiwo n'kukhala panja pa mwala mpaka kwaya itaweruka. Bambo nawo sakudya bwino.

Ine ndakuikira kumbuyo zaka zonsezi, ngakhale pamene unakana kudya chakudya cha mayi Osmunda tchuthi chonse. Pano ndatopa. Unalemba wekha kuti sunasiye kanthu ka munthu aliyense. Unkatiseka?

Pirmin

Dar es Salaam, 18 Okutobala 2014

Achimwene,

Moni. Makalata onse awiri ndinawalandira Lachinayi m'mawa, ndipo ndinakwiya kwambiri. Mzere umenewo ndinaulemba. Unandidyera Loweruka katatu, chifukwa umakwera ndi kutsika ngati mbuzi pa phiri, sufanana ndi china chilichonse chimene bambo analembapo. Ndinathamangira ku ntchito kuti ndikasindikize umboni ndikutumizireni, mudzandipepese nonse.

Ndinatsegula nyimbo yoyamba ija, manoti ali pomwepo, osasowa ndi limodzi lomwe. Ndinatsegula tsamba lake, mizere inayi. Ndiye ndinaifunsa kompyuta mwachindunji kuti indionetse zimene zasungidwa pa dzina lakuti osmunda. Inandionetsa malo opanda kanthu.

Achimwene, pamenepa mpamene ndinazindikira. Kachidutswa kanga koitana mayina kaja kamaitana mayina asanu, lachisanu ndi osmunda. Pamenepo ndinalilemba bwinobwino, kamodzi, tsiku loyamba. Koma polemba nyimbo zenizenizo ndinayenera kulilembanso nyimbo iliyonse, kakhumi ndi kamodzi. Zala zanga zinakana. Ndinadziuza kuti dzinalo ndi lalitali, ndiike kaye lalifupi, ndidzasintha pomaliza. Mizere yonse khumi ndi umodzi ndinaisunga pa dzina lakuti uja. Sindinasinthe, ndinaiwala.

Kompyuta inaitana osmunda, palibe anayankha, inangopitirira. Ikaitana dzina limene palibe chimene chinasungidwapo siidandaula, imabweza chopanda kanthu n'kupita pa nyimbo ina. Ndinaipanga choncho dala, chifukwa nyimbo zambiri zilibe mzere wachisanu.

Ndikanakonda kunena kuti walakwa ndi makina. Koma masamba aja ndinawayang'ana kawiri ndi maso angawa, nyimbo khumi ndi imodzi zopanda mzere umene ndinaulemba ndekha, ndipo sindinaone kuti pakusowa kanthu. Sindinauchotse dala, ndikulumbira. Koma sindinausowenso. Chimenechi n'chimene chikundisowetsa mtendere, ndikungozungulira mu ofesi muno ngati nkhuku yofuna poikira.

Kukonza kwake n'kwa mphindi zisanu. Sindinakonze, chifukwa bambo akuti buku sakulifuna, ndipo sindisindikiza nyimbo za munthu mokakamiza. Muwauze kuti inali ngozi ya makina, kuti dzina silinagwirizane. Za uja zija musawauze, chonde. Abwana andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi kuti ndiwayankhe.

Mlongo wanu,
Edigna

Maguu, 26 Okutobala 2014

Edigna,

Ndine Osmunda. Sindikutchula mwanangu chifukwa unandiletsa uli ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinamva. Moni. Sukulu ndinalekera Sitandade Folo, uwerenge moleza.

Pirmin anatiwerengera kalata yako yonse, sanadumphe. Akuti watopa kutsokomola. Za uja ndinamva. Sizinandipweteke kwambiri, ndinkadziwa kale kuti kwa iwe ndine uja. Bambo ako ndi amene anakwiya kuposa poyamba, akuti katoni ibwere basi. Kalata iyi sakuidziwa, ndampatsa mkazi wa Pirmin amene akupita ku Mbinga mawa.

Ine manoti sindidziwa kuwerenga, ngakhale limodzi. Buku likatuluka ndi mzere wanga kapena opanda, kwa ine ndi madontho okhaokha. Chimene ndakhalira panja pa mwala si manyazi ayi. Ndikuopa kuti a Hyera akazolowera kuimba popanda mzerewo, ine ndikadzafa udzathera pomwepo. Ndipo mzerewo si wanga.

Mayi ako Notburga ndinaima nawo pamodzi m'mawu oyamba zaka zisanu ndi zinayi, phewa ndi phewa. Iwo sankatsata pepala. Nyimbo ikafika pakati ankaisiya n'kukwera pamwamba okha, kuimba zawozawo. Bambo ako ankakwiya nazo, akuti ndi mwano, akuwononga nyimbo. Mayi ako anawapempha kangapo kuti azilembe, iwo anakana, akuti nyimbo ili ndi mawu anayi ngati tebulo lili ndi miyendo inayi. Ankakangana njira yonse yochokera kutchalitchi, ife tikuseka m'mbuyo.

Atamwalira mayi ako, kwaya inaimba nyimbo zomwezo monga zinalembedwera, ndipo bambo ako anatuluka m'tchalitchi Misa ili pakati. Patatha chaka anabwera kwathu ndi mapepala, akuti poti ine ndinkaima pafupi ndi mayi ako, ndikukumbukapo chiyani. Ndinkaimba, iwo akulemba, pakhonde pa mayi anga, miyezi inayi. Zina ndinaiwala, tinapulumutsa khumi ndi imodzi. Anthu anayamba kutinena chifukwa cha khonde lomwelo, ndipo ukwati unachokera pamenepo. Iwe unali kusukulu ku Songea.

Ndinawauza kuti alembe dzina la mwini wake pamwamba. Anayesa, dzanja linakana. Analemba langa, akuti poti ndine ndinawatchulira. Sanakuuzeni inu ana chifukwa zimawachititsa manyazi kuti anamukaniza munthu ali moyo. Ndiye ukaona akwiya chonchi, si chifukwa cha ine ndekha. Akuona ngati amukanizanso kachiwiri. Iwe ndi bambo ako ndinu amodzi, nonse dzina likakulemerani mumalemba lina.

Zaka makumi awiri ndaimba mzerewu Lamulungu ndi Lamulungu, ndipo mawu anga ayamba kutha, pamwamba paja sindikufikanso bwino. Ikapo dzina lililonse limene ukufuna, ngakhale uja yemweyo, koma ubwezere. Bambo ako ndithana nawo ine.

Ndatumiza ufa wa tirigu pang'ono, wa m'munda wa kumtunda.

Osmunda

Dar es Salaam, 30 Okutobala 2014

Amayi Osmunda,

Moni. Kalata yanu yafika lero m'mawa pamodzi ndi ufa. Ndaiwerenga katatu nditaima pa ofesi ya basi, mpaka munthu wa ngolo anandikalipira kuti ndatseka njira.

Pa nkhomaliro anzanga atatuluka ndinatsegula nyimbo zija imodziimodzi. Paliponse pamene panali uja ndafufuta, ndalemba dzina lanu. Pali njira yosinthira zonse kamodzi, koma sindinaigwiritse ntchito, ndalemba ndi zala kakhumi ndi kamodzi. Nditaitanitsa, mizere yonse yabwera, uliwonse pamalo pake pamwamba.

Pulogalamuyi imathanso kuliza manoti, ngakhale kuti mawu ake ndi ouma ngati a foni. Miyezi yonseyi mzere wachisanu sindinaulizepo, sindinkafuna kuumva, monga mmene ndinkatulukira m'tchalitchi mukayamba kuimba. Lero ndinatseka mawu ena anayi n'kuusiya wokha. Amayi, ndimaudziwa. Ndi umene mayi anga ankang'ung'udza akupeta tirigu kuseri kwa nyumba, ine nditakhala pa mtondo. Ndinkayesa kuti ndi kanyimbo kawo ka ntchito, ndipo ndakhala ndikukasaka m'mutu zaka zonsezi. Anzanga pobwera anandipeza ndikulira pa kompyuta, ndinawanamiza kuti ndi tsabola.

Ndinakulakwirani. Sindikudziwa kuti ndiyambire chaka chiti kupepesa, ndiye ndidzayambira pakhomo panu.

Pali vuto limodzi. M'nyimbo yachisanu ndi chiwiri, ija ya pa Pentekoste, mbewa zinadya pakona pa pepala, manoti asanu ndi limodzi a mzere wachisanu palibe. Mu Ogasiti ndinangoikapo anga ongopeka, ndinati ndani adzadziwe. Ndawachotsa. Pamalopo pali mpata, ndipo padziko lonse amene akudziwa zimene zinali pamenepo ndinu nokha.

Kalata iyi ikwera basi ya mawa, ine ndikwera ya Loweruka, ndifika Lamulungu. Abwana ndawauza kuti tsiku la pa 7 asalipereke kwa wina, ndibwerera Lachitatu ndi yankho. Katoni ndikubwera nayo monga bambo analamulira, yomangidwa ndi chingwe chomwe chija, ndiponso kompyuta yaing'ono ya ku ntchito. Akakana buku, akane nditaima pamaso pawo. Koma asanakane, mundiimbire manoti asanu ndi limodzi aja, iwo ali pomwepo, ine ndikulemba. Ngati pamwamba simukufika, imbani chapansi, ndidzakweza ndekha. Dzina loti lisindikizidwe pamwamba pa mzerewo tidzagwirizana tonse atatu.

Ndisanatseke kompyuta ndinachita chinthu chopusa. Ndinaiuza kuti indionetse zimene zasungidwa pa dzina lakuti notburga, ndikudziwa bwino lomwe kuti sindinasungepo kanthu. Inandionetsa malo opanda kanthu. Ndinalemba osmunda, mayi anga anabwera.

Musakhalenso pa mwala paja, kukuzizira.

Mwana wanu,
Edigna